Mastazi ya kafukufuku pa zachuma ndi akawunti: tiyambire pati tili kuno ku Mangochi?

Gulu la Ophunzira Akale a ku Mangochi

Wa ku Mpondasi: Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere. Digiri yanga yoyamba ndi ya akawunti, ndipo ndikugwira ntchito mu ofesi ya zandalama pompano pa Boma. Ndikufuna kupitiriza sukulu, koma osati MBA. Ndikufuna maphunziro oti ndizichita kafukufuku weniweni, mwina mtsogolo ndidzafike pa PhD. Ndikawerenga zotsatsa za mayunivesite ndikumaona MA, MSc, MCom, MPhil, MRes, mutu kuzungulira. Amene munadutsamo ndithandizeni, kusiyana kwake n'kotani ndipo munthu wokhala kuno angayambire pati?

Odita: Achemwali, ndisanayankhe ndifunse kaye, mayeso a ukatswiri wa akawunti a ICAM kapena ACCA, oti munthu akhale chartered, munamaliza?

Wa ku Mpondasi: Ayi achimwene, ndatsala ndi mapepala omaliza.

Odita: Ndiye malizani zimenezo kaye. Ndikunena mosapsatira. Pa ntchito yathuyi chomwe abwana amayang'ana ndi chakuti ndinu chartered kapena ayi. Mastazi ya kafukufuku sikupatsani mphamvu yosainira malipoti a kampani. Ndaona anthu ali ndi mastazi akulamulidwa ndi mwana wa ICAM.

Amalume a ku Namwera: Odita mwanena zoona, koma mwayankha funso lomwe mwanayu sanafunse. Sananene kuti akufuna kukwezedwa pantchito, wanena kuti akufuna kafukufuku. Ndi njira ziwiri zosiyana. ICAM imakuphunzitsa kugwiritsa ntchito malamulo a kawerengedwe ka ndalama omwe alipo kale. Kafukufuku amakuphunzitsa kufunsa ngati malamulowo akugwiradi ntchito kuno kwathu, ndi chifukwa chake akukanika pomwe akukanika.

Mwana wanga, ndikufotokozere mmene ndikudziwira. Mastazi zili mitundu iwiri. Pali yomwe nthawi yambiri umakhala m'kalasi, kulemba mayeso, kenako kumapeto n'kulemba thesisi. Pali ina yomwe kalasi ndi yochepa kapena palibiretu, umangopatsidwa supavaiza, iwe n'kumalimbana ndi funso lako mpaka litatheka. MPhil nthawi zambiri imakhala ya mtundu wachiwiriwu, chimodzimodzi MCom ya ku South Africa yomwe amati ya dissertation yokha. MRes ndi ya ku UK makamaka, imeneyo amakuphunzitsa njira zochitira kafukufuku pokukonzekeretsa PhD. Koma usadalire dzina lokha. Ku Oxford MPhil ya economics ndi ya zaka 2 ndipo ili ndi makalasi olemera kwambiri. Choncho tsegula tsamba la pulogalamuyo uone kuti thesisi ikutenga gawo lalikulu bwanji la malikisi. Yankho lili pamenepo.

Wa ku Mpondasi: Zikomo amalume. Nanga kuno kwathu ziliko?

Amalume a ku Namwera: Ziliko. Ku Zomba, ku University of Malawi komwe tinkati Chanco, kuli MA ya economics ya zaka 2. Chaka choyamba ndi makalasi a microeconomics, macroeconomics ndi masamu a zachuma, kenako thesisi. Pulogalamuyi ndi yolumikizana ndi bungwe la AERC la ku Nairobi lomwe linayamba mu 1988, ndipo ophunzira a m'maiko osiyanasiyana a mu Africa amaphunzira limodzi maphunziro osankha. Kale ankachita kupita ku Kenya, kuyambira nthawi ya Covid zina zinayamba kuchitikira pa intaneti. AERC yomweyo ili ndi pulogalamu ya PhD. Ku LUANAR, ku Bunda, kuli mastazi ya zachuma cha ulimi, ndipo kwa munthu wofuna kufufuza za nsomba kapena misika ya chimanga ndi malo abwino. Za bizinesi ndi akawunti kwawo ndi ku MUBAS ku Blantyre, ku Poly kwakale. Alembereni a ofesi ya postgraduate akuuzeni zomwe atsegula chaka chino, chifukwa mapulogalamu ena satenga anthu chaka ndi chaka.

Mphunzitsi wa Masamu: Ndiikepo chenjezo limodzi. Munthu wochokera ku akawunti akalowa mastazi ya economics chomwe chimamugwetsa ndi masamu. Si masamu a debit ndi credit ayi. Ndi calculus, ma matrix, probability, kenako econometrics. Ngati munasiyana nazo chaka choyamba cha ku koleji, yambani kubwereza panopa, usiku uliwonse pang'onopang'ono, musanalembe n'komwe kalata yofunsira malo. Ndiponso mufunse ngati amalandira digiri ya akawunti, chifukwa ena amafuna kuti munthu akhale atachitapo economics yokwanira pa digiri yoyamba.

Wa ku Pretoria: Salaam nonse. Ine ndili mkati mwa zimenezi kuno ku South Africa, ndiye ndinene za kuno. Choyamba mapepala anu a ku Malawi amayenera kudutsa ku SAQA, bungwe lomwe limayeza kuti digiri yanu ikufanana ndi iti ya kuno. Kuno digiri yoyamba yambiri ndi ya zaka 3, kenako pali chaka cha Honours, kenako mastazi. Yathu ya zaka 4 ena amailandira molunjika, ena amakuuzani kuti muyambe Honours. Zimenezi muzidziwe msanga chifukwa ndi chaka chathunthu cha fizi ndi lendi. Ubwino wake ndi woti ife a m'maiko a SADC pa fizi timawerengedwa ngati eni dziko m'mayunivesite a boma, kungowonjezera kandalama ka ophunzira akunja.

Chachiwiri, pa mastazi ya dissertation yokha sumangolemba fomu n'kudikira. Umayamba wapeza mphunzitsi woti avomere kukuyang'anira. Umawerenga zomwe iye analemba, n'kumulembera imelo yaifupi yonena funso lako ndi deta yomwe uli nayo. Ambiri sayankha. Osakhumudwa, lemberani wina.

Wa ku Makanjira: Ine ndingofunsa za ndalama basi. Zonsezi n'zabwino, koma alipira ndani? Ife kuno malipiro akathera pa thumba la chimanga ndi fizi ya ang'ono athu, kwatha.

Wa ku Pretoria: Funso lenileni limenelo. Zomwe ndikuzidziwa ndi izi. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Canon Collins imathandiza ofuna kuphunzira kuno ku South Africa. Commonwealth ili ndi sikolashipu za mastazi ndi za PhD ku UK. DAAD ndi ya ku Germany, Fulbright ya ku America. Chevening anthu amaitchula kwambiri, koma muonetsetse: ndi ya mastazi ya m'kalasi ya chaka chimodzi, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka 2, ndipo siilipirira MRes kapena PhD. Ndiye kwa achemwali athuwa ingathandize ngati khwerero loyamba chabe. Ku America PhD ya economics imatenga zaka 5 kapena 6 ndipo mayunivesite ambiri amalipira okha ophunzira awo, koma khomo lake ndi lopapatiza, amafuna mayeso olowera a GRE ndi masamu amphamvu.

Wa ku Makanjira: Nanga mayeso a Chingerezi a IELTS aja? Ife tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5.

Wa ku Pretoria: Ena amakhululuka ukawatumizira kalata ya ku yunivesite yako yonena kuti unaphunzira m'Chingerezi, ena salola. Funsani musanalipire mayeso, ndi okwera mtengo.

Mayi a Banki M'khonde: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhuleko. Nonse mukukamba za kopita. Palibe amene wamufunsa mwanayu kuti akufuna kufufuza chiyani. Ine ntchito yanga ndi yoyendera magulu a banki m'khonde kuyambira ku Malindi mpaka ku Lungwena, ndipo zomwe ndimaona kumeneko palibe amene amazilemba. Amayi amakhala pansi pa mtengo wa mango, bokosi lili pakati ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Mlembi ali ndi kope la sukulu, analemba mizere ndi rula: masheya, ngongole, chiwongoladzanja, thumba la zadzidzidzi. Mayi woti sanafike Sitandade 8 akuwerengetsa ndalama za anthu 25 osaphonya ngakhale K50. Koma ikafika nthawi yogawana mu Disembala, magulu ena amagawana mwamtendere, ena amatha ndi milandu kwa amfumu. Chimasiyanitsa n'chiyani? Kalembedwe ka m'kope? Kukula kwa gulu? Kubwereketsa anthu akunja? Ameneyo si kafukufuku wa akawunti?

Amalume a ku Namwera: Mayi, mwalasa pomwe ndimafuna kufika. Mwana wanga wa ku Mpondasi, mvetsera. Anthu ambiri amayamba ndi kusaka sukulu, kenako sikolashipu, funso la kafukufuku n'kumalisaka usiku womaliza fomu isanatsekedwe. N'chifukwa chake mapulopozo athu amafanana onse: zotsatira za chakuti pa chitukuko cha Malawi. Supavaiza wa ku Cape Town kapena ku Manchester walandira zoterozo zambirimbiri. Chomwe iwe uli nacho chomwe mwana wa ku London alibe ndi Mangochi. Umayankhula Chiyao, umadziwa nthawi yomwe asodzi amakocheza, anthu akhoza kukuuza zoona.

Taona mafunso omwe ali pakhomo pathu. Anyamata athu ali ku Joni ndi ambiri, ndipo ndalama zimabwera mwezi ndi mwezi, zina kudzera ku Mukuru, zina m'manja mwa madalaivala ndi anthu obwerera kumudzi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kodi mabanja olandira ma rand anasintha bwanji kagwiritsidwe ntchito ka ndalamazo? Anawonjezera kumanga nyumba za malata, kapena zonse zinathera kukwera mtengo kwa chimanga? Kodi anthu amasankha bwanji pakati pa njira yovomerezeka ndi ya mseri pamene mitengo yosinthira ndalama yasiyana kwambiri? Limenelo ndi funso la finance lokwanira PhD.

Pita ku doko m'mawa uone mmene usipa umagulidwira. Mwini chilimira, alovi ake, mayi wogula n'kukayanika pa thandala, wa galimoto wopita nawo ku Limbe. Pakati pawo pali ngongole zosalembedwa paliponse. Mayi amapereka ndalama ya mafuta a injini dzulo lake kuti mawa nsomba zikhale zake, pamtengo womwe agwirizana. Ndani amapindula pa mgwirizano umenewu nsomba zikachuluka, ndipo ndani amaluza zikasowa? Nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka, mabanjawa amadya chiyani, amakongola kwa yani, katapila amalowa pati? Ku Malombe chambo chinatha kalekale, ndipo makomiti a m'madoko aja a BVC anayambira komweko m'zaka za m'ma 1990. Patha zaka zoposa 30, ndalama zomwe makomitiwa amatolera zimalembedwa bwanji ndipo zimayankhidwa kwa yani?

Sheikh Wamng'ono: Amalume muwonjezerepo ichi. Kuno ambiri ndife Asilamu, ndipo riba, kutanthauza chiwongoladzanja, ndi yoletsedwa. Alipo amalonda akuluakulu ndithu omwe safuna ngongole ya ku banki pa chifukwa chimenechi, ndipo ena salowa banki m'khonde chifukwa cha chiwongoladzanja. Tsono amapeza kuti mpamba? Amakongozana pachibale, amatenga katundu pa ngongole kwa ogulitsa a pikulitsa, ena amadalira achibale a ku Joni. Amene angafufuze bwino zimenezi athandiza ngakhale mabanki omwe akufuna kutifikira.

Odita: Chabwino, mwandikoka. Ngati ndi choncho, ku mbali ya akawunti ya boma nakonso mafunso ndi osatha. Malipoti a Auditor General amatuluka, ndipo aliyense akhoza kuwawerenga. Munthu akhoza kutenga malipoti a makhonsolo a zaka zingapo n'kuona kuti ndi zolakwika ziti zomwe zimabwerezedwa chaka ndi chaka, ndipo chifukwa chiyani malangizo a odita satsatidwa. Chichitikireni Cashgate mu 2013 takhala tikukamba za IFMIS, dongosolo la pa kompyuta loyendetsera ndalama za boma, koma olemba mozama za mmene ndalama zimayendera pa khonsolo, kuyambira pa tikiti ya mumsika mpaka ku akaunti ya ku banki, ndi ochepa. Komabe mawu anga aja sindikubweza: mapepala a ICAM atsalawo amalizidwe. Wofufuza za akawunti yemwe ndi chartered amamvedwa msanga akamayankhula ndi anthu a ntchitoyi.

Wa ku Mpondasi: Achimwene Odita ndamva, sindiwataya. Koma amalume, kufufuza za ku ofesi komwe ndikugwira ntchito sikungandiike m'mavuto?

Amalume a ku Namwera: Kungakuike, ndipo ngakhale a komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku adzakufunsa zomwezo. Usafufuze ofesi yako. Tenga maboma ena, kapena gwiritsa ntchito malipoti omwe ali poyera kale.

Wa Deta ku Zomba: Pepani ndalowa mochedwa, netiweki inavuta. Ndikufuna ndichotse mantha akuti kafukufuku amafuna mamiliyoni oyendera midzi. Deta yambiri ilipo kale ndipo ndi yaulere. A National Statistical Office kuno ku Zomba amachita Integrated Household Survey. Ya 2019/2020, yomwe timaitcha IHS5, inafunsa mabanja oposa 11,000 m'dziko lonse, ndipo zam'mbuyo zake za 2016/2017, 2010/2011 ndi 2004/2005 ziliponso. Muli mafunso a zomwe banja limadya, ngongole, mabizinesi ang'onoang'ono, ndalama zolandira kuchokera kwa achibale, ngakhale gawo la usodzi. Mumalembetsa pa tsamba la microdata la World Bank, n'kutsitsa. Kalembera wa 2018 aliponso, ndipo anapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1 miliyoni. Reserve Bank imatulutsa ziwerengero za kukwera mitengo kwa zinthu, chiwongoladzanja ndi mtengo wa kwacha. Makampani a pa Malawi Stock Exchange amasindikiza malipoti awo a pachaka.

Chenjezo langa ndi la pa stock exchange pomwepo. Makampani ake sakwana 20. Ophunzira ambiri a finance amathamangira kumeneko chifukwa deta ndi yosavuta kupeza, kenako amakapanikizidwa pa difensi, pomwe amateteza thesisi yawo pamaso pa aphunzitsi, kuti ziwerengero zochepa chonchi sizingapereke yankho lodalirika. Ngati mukufuna njira imeneyo, phatikizani ndi misika ya maiko oyandikana nawo monga Lusaka ndi Dar es Salaam, kapena sankhani funso lina.

Pa mapulogalamu a pa kompyuta, Stata ndi yomwe aphunzitsi ambiri a economics amagwiritsa ntchito koma ndi yogula. R ndi yaulere ndipo imachita zonse. Yambani kuiphunzira panopa ndi IHS5 yomweyo. Mukamadzalembera supavaiza n'kumuuza kuti deta ndatsitsa kale ndipo nayi tebulo yoyamba ya mabanja a ku Mangochi, ameneyo adzakuyankhani.

Mayi a Banki M'khonde: Koma IHS yanuyo singakuuzeni chifukwa chomwe gulu la ku Malindi linathera. Zina zimafuna kukhala pa mkeka.

Wa Deta ku Zomba: Zoona mayi, n'chifukwa chake ambiri amaphatikiza ziwirizi. Ziwerengero zimaonetsa kukula kwa nkhani, kucheza ndi anthu kumaonetsa chifukwa chake. Koma wopita kumudzi akumbukire dongosolo. Chilolezo cha komiti ya ethics chiyambe chatuluka, kaya ya ku yunivesite yake kaya ya ku National Commission for Science and Technology. Kenako kalata ya kwa DC, kenako kukaonekera kwa amfumu. Mafunso amasuliridwe m'Chiyao ndi munthu wodziwa, ndipo ayesedwe kaye pa anthu ochepa. Funso loti mumapeza ndalama zingati pamwezi msodzi sangaliyankhe, chifukwa iye sawerenga pamwezi. Mufunseni za ulendo wa dzulo, ndi wa mdima wapitawu, masiku aja mwezi sunkawala.

Mayi wa Ana Atatu: Ine ndinayamba mastazi ya kafukufuku ndili pantchito, ndipo ndikufuna achemwali anga amve mbali yomwe zotsatsa sizinena. Makalasi ndinamaliza bwinobwino. Pa thesisi ndi pomwe ndinakhalitsa. Ndinkatumiza chaputala, supavaiza osayankha miyezi, ndikamuimbira akuti ali ku msonkhano kunja. Pamene ankayankha n'kuti ine ndili pa mapeto a chaka cha ndalama ku ntchito, sindingathe kugwira buku. Fizi yowonjezera ikuwerengedwa. M'kalasi mwathu omwe anasiyira pa thesisi analipo ndithu, osati chifukwa chopanda nzeru.

Ndiye musanasankhe sukulu, fufuzani supavaiza. Funsani ophunzira ake akale kuti amabweza ntchito pakatha nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi angati anamaliza m'manja mwake. Mukayamba, gwirizanani masiku okumana ndipo muzilemba zomwe mwagwirizana pa imelo. Kunyumbanso mukambirane poyera. Bambo a kunyumba ndi apongozi adziwe kuti Loweruka simudzapezeka pa zinkhoswe zonse. Ine amene anandipulumutsa ndi mng'ono wanga yemwe ankatenga ana Loweruka lililonse kuti ndilembe.

Wa ku Mpondasi: Mayi zikomo, zimenezi palibe akanandiuza. Ndili ndi mwana mmodzi wa zaka 3, ndiye za kunja zikundiopsa pang'ono.

Mayi wa Ana Atatu: Musaope, koma muwerengere. Zomba ili pafupi, mukhoza kunyamuka m'mawa kudzera pa Liwonde n'kukafika dzuwa lisanatenthe. Mastazi muchite kuno, mwana akukula, ndipo thesisi yanu ikakhala yabwino ndi yomwe idzakutsegulireni PhD ya kunja. Sikolashipu zina za PhD zimathandizako ndi banja, muzidzawerenga malamulo ake bwinobwino.

Wa ku Makanjira: Nanga ma yunivesite a pa intaneti omwe amatitumizira mauthenga aja, akuti PhD m'miyezi 18, sikolashipu ya 70 peresenti?

Admin: Amenewo musalipire kalikonse musanafunse ku National Council for Higher Education. NCHE ndi yomwe imavomereza masukulu ndi mapulogalamu kuno, ndiponso imayeza mapepala ochokera kunja. Ilipo sukulu ya pa intaneti yeniyeni, monga UNISA, koma aliponso ongogulitsa mapepala. Chimodzimodzi ma journal omwe amakulonjezani kusindikiza nkhani yanu m'sabata imodzi mukalipira madola. Mukaika zoterozo pa CV, odziwa amangoiika pambali.

Mphunzitsi wa Masamu: Ndipo amene amalemba mathesisi pa malipiro aja muwathawe. Pa difensi mudzaima nokha.

Wa ku Mpondasi: Ndayesa kulemba funso langa potengera zomwe mwanenazi. Lili motere: zotsatira za banki m'khonde pa chitukuko cha amayi m'boma la Mangochi. Mukuliona bwanji?

Amalume a ku Namwera: Ndi lalikulu kwambiri mwana wanga, ndipo ambiri analemba kale lofanana nalo. Chitukuko udzachiyeza ndi chiyani? Bwerera ku zomwe anena mayi aja. Iwe ndiwe wa akawunti, mphamvu yako ili m'kope lija. Funsa kuti: kodi kalembedwe ka mabuku ndi kayang'aniridwe ka bokosi zimakhudza bwanji kubwezedwa kwa ngongole ndi kukhalitsa kwa gulu? Pamenepo uli ndi zinthu zoti ukhoza kuziona ndi maso. Kope limalembedwa pamaso pa onse kapena mlembi amapita nalo kunyumba? Ndalama zimawerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse? Makiyi ali kwa anthu a banja limodzi? Gulu limasunga ndalama m'bokosi kapena pa Mpamba ndi Airtel Money? Kenako uyerekeze magulu omwe akadalipo ndi omwe anatha. Ovuta kuwapeza ndi omwe anathawo, koma popanda iwo udzangomva za opambana okhaokha.

Mayi a Banki M'khonde: Omwe anathawo ndikuwadziwa, ndipo makope ena akadali kwa alembi akale. Chilolezo chanu chikadzatuluka ndidzakuperekezani, koma eni ake ndi amene adzavomere kapena kukana, ndipo mayina awo asadzatuluke.

Wa Deta ku Zomba: Achemwali, tsitsani IHS5 sabata ino muone gawo la ngongole, muwerenge kuti ndi mabanja angati a ku Mangochi omwe anatchula banki m'khonde ngati kokongola. Ikakukanikani kutsegula mundiimbire madzulo ndikaweruka.

Wa ku Pretoria: Mukalemba masamba awiri a pulopozo munditumizire ku inbox ndiwerenge. Muikemo funso, chifukwa chake ndi lofunika, zomwe ena analemba kale, ndi komwe deta idzachokere.

Wa ku Mpondasi: Sikomo kwejinji nonse. Ndiyamba ndi masamba awiriwo, ndipo Lolemba ndiimbira ku Zomba ndi ku MUBAS ndimve ngati digiri yanga ya akawunti amailandira molunjika.

Admin: Mukamva mudzatiuze pano, alipo ena atatu andilembera kumbali kuti ali ndi funso lomwelo.